Ndalama za ku Joni zikumanga nyumba kumudzi, koma zikumaliza mitengo ya m'phiri

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi abale anga amene tili kuno ku Joni, komanso ndi mafumu a kwathu, pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere chibwerereni kumudzi mwezi wa Ogasiti. Ine kwathu ndi ku Dedza, m'mudzi waung'ono umene uli patsinde pa kaphiri, kum'mawa kwa msewu wa M1, ndipo ndatha zaka 11 ndikugwira ntchito yosamalira maluwa ndi mitengo pa nyumba za anthu ku Randburg.

Pamene ndinali mnyamata woweta mbuzi, kaphiri kathu kanali kakuda bii ndi mitengo ya mombo, tsamba, muwanga ndi masuku. Mvula ikangoyamba, amayi ankakwera m'mamawa n'kutsika ndi lichero lodzaza bowa, ndipo mwezi wa Disembala mwana sankalira njala masana chifukwa masuku ankangogwa okha. Kuchokera m'phirimo munkatuluka kamtsinje kamene kankadutsa m'dambo lathu, m'mbali mwake muli mikuyu ndi katope, ndipo madzi ake sankaphwa ngakhale mu Okutobala dzuwa litafika poswa mtengo. Madimba a kabichi, mpiru ndi mbatata ya kachewere amene analipira fizi ya ambiri a ife ankamwa madzi a kamtsinje kameneko.

Chaka chino nditatsika basi pa boma la Dedza, patapita masiku awiri tikudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, chinthu choyamba chimene ndinaona poyandikira mudzi chinali malata akuwala mbali zonse, ndipo sindibisa kuti mtima wanga unasangalala, pakuti nyumba zambiri mwa zimenezo zamangidwa ndi thukuta la ana a m'mudzimo amene ali ku Diepsloot, ku Cosmo City ndi ku Rosettenville. Koma nditakweza maso ndinapeza kuti phiri lija latsala miyala ndi zitsa zokhazokha. Kamtsinje kaja kasanduka mchenga, anthu akuchita kufukula kuti apeze madzi othirira dimba, ndipo pakati pa munda wa malemu agogo anga padutsa chigwembe chakuti munthu wamkulu akalowamo saoneka mutu. Mlongo wanga, amene ndiye akusunga pakhomo, amadzuka tambala woyamba kukafuna nkhuni kutali, ndipo masiku ena amangophikira zitsononkho ndi mapesi.

Anthu akamakamba za kutha kwa mitengo amathamangira kuloza chala ootcha makala, ndipo n'zoona kuti matumba a makala amene amapita ku Lilongwe pa njinga awononga kwambiri. Komabe m'mudzi mwathu chimene chadya phiri ndi uvuni wa njerwa, ndipo ndalama zoumbira ndi kuotchera njerwazo timatumiza ndife. Nyumba yanga ya zipinda zitatu inalowa ngolo zingapo za mitengo yachilengedwe, chifukwa aliyense wootcha njerwa amadziwa kuti mombo ndi muwanga ndizo zimasunga moto usiku wonse, pamene bulugamu ndi paini zimangolilima n'kutha. Ine ndinatumiza ndalama pa Mukuru, ndinalandira zithunzi za uvuni ukufuka pa WhatsApp, ndipo sindinafunse ngakhale kamodzi kuti nkhunizo zachokera kuti. Mukawerenga nyumba za njerwa zootcha zimene zamangidwa m'mudzi umodzi wokha m'zaka khumi zapitazi, kuphatikizapo mipanda yake, mudzamvetsa kumene mitengo ija inapita.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti ntchito imene imandipatsa ndalamazo ndi yothirira mitengo ya eni. Malo amene pali mzinda wa Johannesburg anali dera la udzu golide asanapezeke m'chaka cha 1886. Mitengo yonseyi imene imaphimba misewu, kuphatikizapo jakaranda amene amachita maluwa mu Okutobala, inachita kubzalidwa ndi manja a anthu, ndipo dera la Saxonwold linayamba ngati nkhalango yobzalidwa kuti pazipezeka milimo yochirikizira migodi. Pakati pa amene lero amadulira nthambi, kuthira manyowa ndi kusesa masamba pansi pa mitengo imeneyi pali Amalawi ambiri. Luso lofesa mbewu m'machubu, lodziwa nthawi yowokera ndi kuteteza mbande ku chiswe tili nalo m'manja mwathu, koma tikulisiya lonse kuno, kumudzi tikungotumiza ndalama zogwetsera mitengo.

Ulendo wa ku Joni sunayambe ndi ife. Agogo athu anabwera pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'migodi, mpaka pamene ndege ya bungwelo inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa ulendowo, ndipo ena anadzapitanso pa Theba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, m'zaka zotsatira. Iwo pobwerera ankanyamula njinga, mabulangete, wailesi ndi makina osokera, ena n'kugula ng'ombe, koma nyumba zinali za zidina kapena za mdindo zofolera udzu, ndiponso anthu anali ochepa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko lonse, pamene wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ambiri mwa iwo okhala m'midzi ngati wathu. Phiri limene linkakwanira agogo athu silingapirire mmene tikulidyera ife lero.

Sindikunena kuti munthu asamange nyumba yabwino. Amene anagonapo m'nyumba yodontha, akusuntha mphasa usiku wonse, sanganyoze malata, ndipo amayi athu akuyenera kukalamba pamalo ouma. Chimene ndikupempha n'chakuti tisinthe kamangidwe. Kuyambira mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu, n'chifukwa chake sukulu ndi zipatala zatsopano zikumangidwa ndi mabuloko a simenti, koma lamulolo silinafike pa nyumba ya munthu wa kumudzi, kumene mauvuni ambiri ali. Ndikudziwa kuti simenti yakwera mtengo, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wolima fodya kapena mbatata sangaikwanitse mosavuta. Koma ife olandira ma randi tili ndi mpata umene anzathu otsala kumudzi alibe. Anthu asanu a mudzi umodzi atasonkherana angathe kugula chikombole cha mabuloko, kapena makina opanikizira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zimene sizifuna moto, n'kuzisiya m'manja mwa achinyamata a m'mudzimo kuti zikhalenso ntchito yawo.

Kwa mafumu athu, a nyakwawa ndi a gulupu, ndikulankhula mwaulemu ngati mwana wanu. Malo okhawo amene ndinapeza mitengo ikuluikulu ili chiimire m'mudzi mwathu ndi kumanda. Kumeneko kulibe mlonda wa boma kapena waya, komabe palibe amene angayerekeze kulowako ndi nkhwangwa, chifukwa aliyense amadziwa mwambo wake ndi mlandu umene ungamugwere pabwalo. Zimenezi zikusonyeza kuti mawu a mfumu akadali ndi mphamvu yoteteza mtengo. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mudzi kupatula nkhalango yakeyake ndi kusankha komiti yoiyang'anira, ndipo ndikupempha kuti kaphiri kathu ndi m'mbali mwa kamtsinje zipatulidwe motero, ndi chindapusa chomveka kwa wodula, kaya ndi mlendo kaya ndi mphwake wa mfumu.

Nkhani yolimbikitsa, imene ndinaiona ndi maso anga nditakwera phirilo ndi atsibweni anga, ndi yakuti zitsa zambiri sizinafe. Mombo ndi tsamba zimaphukira pachitsa, ndipo mphukirazo zimakula msanga kuposa mbande yobzala chifukwa mizu yake ndi yakale, inazama kale pansi. Chimene chimazipha ndi mbuzi, ndiponso moto umene anyamata amayatsa m'chilimwe posaka mbewa. Mudzi utangogwirizana kulambula njira zotchinga moto, kupatulira mphukira kuti pachitsa patsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu, ndi kuleka kudula kwa zaka zingapo, phirilo likhoza kuvalanso popanda kudikira bungwe lochokera kutali. M'minda namo tisamazule msangu, mtengo umene umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kusiya chimanga chikulandira dzuwa ndi chonde, makamaka pano pamene thumba la fetereza lasanduka chinthu cholota. Ndipo bulugamu, ngakhale amathandiza pa milimo, asamabzalidwe m'mphepete mwa dambo, chifukwa amamwa madzi kwambiri.

Abale anga a kuno, tili ndi magulu athu amene amasonkha ndalama mwamsanga wina akatisiya, kuti thupi lake likwere galimoto kukagona kwawo, pakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ndi ntchito yaulemu ndipo ipitirire. Koma magulu omwewo angathe kupatula kandalama kochepa mwezi uliwonse kogulira machubu, mbewu ndi makeni othirira nazale ya mudzi, ndiponso kuika lamulo pakati pathu lakuti womanga nyumba auze anzake kumene nkhuni zake zichokere asanatumize ndalama ya uvuni. Chilala cha 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, chinapeza dambo lathu litauma kale, ndipo mabanja amene kale ankapulumukira ku dimba chaka chimenecho anadalira ife kuti tiwatumizire ya ufa mwezi ndi mwezi.

Nyengo yobzala mitengo kwathu imatsegulidwa pa 15 Disembala, nthawi yomweyo imene mabasi a ku Park Station amadzaza ndi ife opita kukadya Khirisimasi. Ine ndalankhula kale ndi anzanga anayi a m'mudzi mwathu, ndipo tagwirizana kuti tikafika, tisanayambe kuzungulira kwa abale, tikagwade kwa mfumu ndi kupempha kuti aitanitse msonkhano wa mudzi pamodzi ndi mlangizi wa zankhalango. Mpanda umene ndinkafuna kuzinga nyumba yanga chaka chamawa ndauimitsa, ndipo mlongo wanga ndamuuza kuti anyamata amene anayamba kukumba dothi la njerwa alipidwe pa ntchito imene agwira kale, koma uvuniwo usapangidwe.

Ine wanu,
Mwana wa ku Dedza,
Randburg, Johannesburg