Chimbale chofatsa chisayesedwe ndi muyeso wa ovina

A Mkonzi,

Ndalephera kukhala chete nditawerenga ndemanga yomwe munasindikiza yokhudza chimbale choyamba cha mtsikana wa kuno ku Lusaka, amene amapeka yekha nyimbo zake n'kumaziyimba ndi gitala yosalumikiza kumagetsi. Wolemba wanu anati chimbalecho n'chozizira, chilibe ng'oma yodzutsa munthu pampando, choncho sichingayende malonda. Ine ndikuona kuti anachiyesa ndi muyeso wa nyimbo za paukwati ndi za m'malo omwera mowa, pomwe mwini wake sanachikonzere kumeneko.

M'nyimbo ya mayi amene akudikira mwana wake wogwira ntchito kumigodi, mumamveka zala zikutsetsereka pa nsambo za gitala, mumamvekanso mpweya umene woyimbayo akukoka asanalowe ndime yachiwiri. Ojambula nyimbo ambiri amafafaniza zimenezi pakompyuta, koma iye anazisiya dala, ndipo n'zimene zimachititsa kuti womvera akhulupirire chisoni cha mayi uja. Mlamu wanga, yemwe amasoka zovala ku Kamwala, amachiyika chimbalechi motsitsa tsiku lonse, ndipo makasitomala ake amafunsa okha kuti akuyimbayo ndani. Anthu otere salemba ndemanga m'nyuzipepala, amangotumizirana nyimbo pa WhatsApp, koma kulandira kwawo n'kwenikweni.

Mbiri ikutichenjeza kuti tisamafulumire kugamula. Mu June 1988, pa mwambo wa ku bwalo la Wembley ku London wokondwerera kuti Nelson Mandela akukwanitsa zaka 70, woyimba wa ku America Tracy Chapman anaimirira pamaso pa chikhamu ali ndi gitala yokha, chimbale chake choyamba chitangotuluka kumene. Posakhalitsa chimbalecho chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku America, ndipo mu 1989 iye analandira mphoto zitatu za Grammy. Ngakhale kwathu kuno, likulu la wailesi ya boma ya ZNBC lili mumsewu wotchedwa dzina la Alick Nkhata, munthu amene makolo athu ankamumvera pawailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950 akuyimba modekha motsagana ndi gitala. N'zomvetsa chisoni kuti mayimbidwe omwe anakometsa wailesi yathu kalelo lero tikuwaona ngati achilendo.

Sindikunena kuti chimbalechi chilibe chilema. Nyimbo ziwiri zomaliza zikufanana kwambiri, ndipo pena mawu akumira pansi pa gitala moti munthu amachita kutchera khutu. Zimenezi n'zomwe wolemba wanu akanamuuza mtsikanayu kuti akazikonze pa chimbale chachiwiri, m'malo momulangiza kuti awonjezere ng'oma kuti afanane ndi anzake.

Ndikupempha kuti wolemba wanu achimvetserenso kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, kenako mupereke mpata patsamba lomwelo kwa owerenga amene anachimva kuti nawonso anenepo maganizo awo.

Ine wowerenga wanu,
Chilenje, Lusaka