Tithandizeni kufolera nyumba ya mapemphero kugombe la Mangochi

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene muli,

Ife a komiti ya zomangamanga pa nthambi yathu ya mpingo, kuno kugombe la kum'mawa kwa nyanja, m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira, takugwadirani kupempha malata ndi mapulanga mvula isanagwe.

Mudzi uno kale unali wa mabanja ochepa a asodzi. Usipa ndi utaka zakoka anthu ochokera kutali: alovi a m'mabwato, amayi ogula nsomba n'kuziyanika pathandala, aphunzitsi, anyamata a kabaza. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 800,000 m'boma la Mangochi, pomwe wa 2018 adapeza opitirira 1.1 miliyoni. Ifetu kukulako timakuonera pamjigo, pomwe mzere wa zidebe umayamba kusanache.

Ambiri mwa obwerawa ndi Akhristu, koma tchalitchi chathu chachikulu chili kutali, ulendo wa maola awiri wapansi. Msodzi yemwe wachezera panyanja ndi nyali usiku wonse, n'kufika padoko dzuwa likutuluka, sangauyambe ulendo umenewo. Agogo adaleka kalekale. Dzinja likafika mitsinje yochokera kumapiri imadzaza, ndipo amayi salola ana kuwoloka. Chimatiwawa kwambiri ndi maliro. Zachitikapo kuti Mkhristu mnzathu waikidwa popanda mwambo wa mpingo chifukwa uthenga udafika mochedwa kwa akulu ampingo. Pali ana obadwira kuno omwe afika sitandade 5 asanalowepo m'kalasi ya Sande sukulu.

N'chifukwa chake tidayamba kusonkhana patsinde pa mlambe. M'chilimwe zimatheka ndithu. Koma mwera ukaomba mu June ndi July mlaliki amachita kukuwa, masamba a Baibulo akuuluzika, ndipo mvula ikangoti waa, mapemphero amathera pa nyimbo yoyamba.

Sitinakhale manja lende. Amfumu athu, omwe ndi Msilamu monga anansi athu ambiri kuno, adatipatsa malo popanda kutilipiritsa. Tikunena izi dala, chifukwa ena akamva za Mangochi amaganiza kuti timakhala mokokanakokana. Tsiku lotuta mchenga anyamata a kumzikiti adabwera ndi mawilibala awo, monga ifenso timapitira kukathandiza pa sadaka zawo. Amayi a mpingo adatunga madzi, abambo adaumba njerwa n'kuziwotcha, ndipo asodzi akhala akupatula chigoba cha usipa pa ulendo uliwonse wabwino kuti tigulire simenti. Pano khoma lafika pomwe denga liyenera kukhala, ndipo mphamvu zathu zathera pomwepo. Khomali tidamangira dothi, simenti ili pamaziko pokha, choncho likavumbwa dzinja lonse lopanda denga tidzayambanso kuumba.

Chomwe tikusowa ndi malata a 28 geji, mapulanga a denga, misomali, mafelemu a zitseko ndi mazenera, ndi matumba a simenti a pansi. Mmisiri ndi wa mumpingo mwathu momwe, ndipo wavomera kukhoma kwaulere. Amene muli ndi Mabaibulo kapena mabuku a nyimbo, a Chichewa kapena a Chiyao, ngakhale akale, musawasiye agone mu sutikesi. Mabenchi tidzaona patsogolo, mphasa zilipo.

Tikulankhula makamaka kwa inu ana a kuno omwe muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, komanso kwa mipingo ya m'tauni. Paja amishoni a Livingstonia adayambira m'boma lomwe lino, ku Cape Maclear, mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881. Zimatichititsa manyazi kuti kutsidya kwa nyanja yomweyo ana akupempherabe pansi pa mtengo.

Thandizo lililonse lidzere kwa abusa a tchalitchi chathu chachikulu, omwe ali ndi kalata ya amfumu yotsimikizira za malowa. Msungichuma amalemba zonse m'kaundula, ndipo amaziwerenga pamaso pa mpingo Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse. Wofuna kudzaona yekha khomali abwere, tidzamulandira ndi nsima ya usipa wofutsa.

Ndife anu mwa Khristu,
Komiti ya zomangamanga