Musathamangitse kuseka m'mabuku a fantasy

A Mkonzi,

Ndiloleni danga ndiyankhuleko nkhani yomwe takhala tikukangana ndi achinyamata omwe ayamba kulemba okha nthano zazitalizitali zija amati epic fantasy, za maiko ongopeka, mafumu, malupanga, amatsenga ndi zinjoka zolavula moto. Mnyamata wina ananditumizira zomwe walemba, masamba ambirimbiri, ndipo luso ali nalo ndithu, koma ndinawerenga mpaka kumapeto osapezamo olo munthu mmodzi womwetulira. Nditamufunsa anati iye akulemba buku la siriyasi osati sewero loseketsa anthu, ati nthabwala zimapeputsa nkhani. Ine mfundo imeneyi ndikuikana ndi mtima wonse, nde ndati ndilembe poyera poti si iye yekha woganiza choncho.

Aliyense wolemba zoterezi amadutsa pakhomo pa J.R.R. Tolkien, afune asafune. Buku lake la The Lord of the Rings linatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955, ndipo palibe anganene kuti ndi buku lachibwana, muli imfa, muli kuperekana, muli anthu otaya mtima mpaka kudziotcha pamoto. Koma taonani zomwe zikuchitika ku Isengard. Linga la Saruman, wamatsenga woukira anzake, lagumulidwa, madzi ali ponseponse, Mfumu Théoden akufika ndi asilikali ake kuchokera ku nkhondo ya Helm's Deep komwe anthu afa osati masewera, nde pachipata akupeza tianthu tiwiri ta mtundu wa anthu afupiafupi otchedwa ma hobbit, Merry ndi Pippin, tili phee pamulu wa miyala, mbale ndi mabotolo zili mbwee, wina ali mtulo wina akusuta kaliwo. Merry akuimirira, akuwerama, akulonjera mfumu mwaulemu wonse ngati mlonda wolembedwa ntchito. Mnzawo Gimli amene anathamanga masiku angapo kufuna kuwapulumutsa akusowa chochita, akwiye kapena asangalale. Munthu umaseka ndithu pamenepa. Koma tianthu tomweti ndi tomwe tinagwidwa ndi ma orc, zilombo zankhondo za adani, kukwapulidwa, kukokedwa ngati katundu, ndipo tinaona mnzawo Boromir akulasidwa mivi potiteteza. Patsogolo, Merry ali chigonere m'nyumba ya odwala ku Minas Tirith, akuuza Aragorn yemwe wamuchiritsa kuti anthu a mtundu wake amayankhula zopepuka pa nthawi yowawa chifukwa amaopa kunena zambiri. Ndekuti nthabwala zija zinali zonyamula katundu wolemera kuyambira pachiyambi pomwe, ife sitimadziwa chabe.

Tolkien izi sanazitole m'mabuku ayi. Anali ku nkhondo ya Somme mu 1916, ndipo analemba yekha kuti pofika 1918 anzake apamtima onse anali atafa kupatula mmodzi. Ananenanso kuti Sam Gamgee, wantchito wokhulupirika wa Frodo m'bukulo, anamutengera kwa asilikali wamba omwe anakhala nawo ku nkhondoko. Munthu woti waona zimenezi ndi maso ake nkulemba kuti Sam, ali pafupi ndi dziko la mdani, akuphika kalulu nkumakangana ndi Gollum, kacholengedwa kowalondolera njira, ngati mbatata zili bwino kuposa nsomba yaiwisi, ine ndimamukhulupirira kuposa wolemba yemwe akuganiza kuti pankhondo anthu amangoyankhula mawu akuluakulu tsiku lonse.

Malo omwe ndimabwererako kawirikawiri ndi pa masitepe a Cirith Ungol. Frodo ndi Sam atopa kotheratu, madzi atsala pang'ono, mphete ya mdani wamkulu Sauron, yomwe akupita kukaiononga, ikumulemera Frodo, kutsogolo kuli mdima wokhawokha, nde Sam akuyamba kulingalira zoti mwina tsiku lina ana azidzapempha bambo awo kuti awauze nthano ya Frodo ndi mphete. Frodo akuseka, kuseka kochokera pansi pamtima, ndipo bukulo likuti phokoso lotero linali lisanamvekeko kumalo amenewo chibwerereni Sauron, mpaka Sam anaona ngati miyala yomwe ikumvetsera. Ine chiganizo chimenechi chinandiuza kuipa kwa Sauron kuposa machaputala onse ofotokoza magulu ake ankhondo. Dziko lake ndi dziko lomwe kuseka kunatha. Inde ma orc amaseka, kazembe wa Sauron pa Chipata Chakuda cha dziko lake amasekanso, koma kwawo ndi kuseka munthu, kumunyogodola akuvutika, pomwe kwa Frodo ndi Sam ndi kusekera limodzi. Nde ngati m'buku mwako palibe amene anasekapo mdani asanabwere, owerenga adziwa bwanji chomwe mdaniyo akufuna kulanda? Chinthu chomwe sunandionetse sindingachilire.

The Silmarillion, yomwenso analemba Tolkien ndipo mwana wake Christopher anatulutsa mu 1977 bambo ake atamwalira kale mu 1973, ilibe nthabwala kwenikweni. Ndimailemekeza kwambiri, koma anthu ake ndimawaonera patali ngati mapiri, pomwe Sam ndimamuona ngati m'bale wanga.

Komanso si za lero izi. Mu Odyssey ya Homer, Odysseus akuuza chimphona cha diso limodzi kuti dzina lake ndi Palibe, nde atachiboola diso chikukuwa kuti Palibe akundipha, anzake nkubwerera kukagona. Izitu zikuchitika m'phanga momwe chimphonacho chadya kale anzake a Odysseus. M'ndakatulo zakale za ku Iceland, Thor mulungu wa mabingu akuvala ngati mkwatibwi kuti akatenge nyundo yake yobedwa, paphwando akudya ng'ombe yathunthu ndi nsomba zisanu ndi zitatu, mnzake Loki nkumafotokoza kuti mkwatibwi sanadye masiku asanu ndi atatu chifukwa chofunitsitsa ukwati. Anthu omwewa ndi amene ankaimba za kutha kwa dziko ndi imfa ya milungu yawo.

Mnyamata uja amakonda kwambiri George R.R. Martin, ati chifukwa ndi wosanyengerera. Zoona, A Game of Thrones ya mu 1996 ndi yowawa, koma tachotsamoni Tyrion Lannister muone ngati mungafike nayo patali. Tyrion ndi wamfupi msinkhu, bambo ake omwe amanyansidwa naye, lupanga sangalimbe nalo ngati mchimwene wake Jaime, chida chake ndi pakamwa basi. Atatsekeredwa ku linga la Eyrie akuti akufuna kuulula machimo ake, bwalo ladzaza, iye nkuyamba kutchula za uhule, juga ndi kutukwana abale ake, anthu kuseka, pomwe mlandu weniweni womwe akumuimba sakuuvomera olo pang'ono. Nthabwala imeneyi ndi yomwe inamupatsa anthu omumvera, nkupempha kuti mlandu uweruzidwe ndi lupanga, nkupulumuka. Chimodzimodzi Glokta wa Joe Abercrombie mu The Blade Itself ya 2006, munthu wozunza akaidi yemwe nayenso anazunzidwa mpaka kulumala, mdani wake wamkulu ndi masitepe, ndipo umaseka madandaulo ake kenako nkuchita mantha kuti wayamba kumumvera chisoni munthu woipa chonchi.

Terry Pratchett ndiye amandipweteka mtima momwe ena amamuchepetsera. Analemba mabuku 41 a dziko lake longopeka la Discworld kuyambira 1983 mpaka 2015 chaka chomwe anamwalira, ndipo poti ndi oseketsa ena amawaika pansi. Koma mu Men at Arms ya 1993 wapolisi Sam Vimes akuwerengera za jombo, zoti wolemera amagula za madola 50 zomwe zikhala zaka khumi, wosauka amagula za madola 10 zomwe zikutha msanga, nde pakutha pa zaka khumizo wosauka waononga madola 100 koma mapazi ake akunyowabe. Umaseka kaye, kenako umangoti zii, poti wakuuza chifukwa chake umphawi ndi wodula m'ndime imodzi yokha.

Pena pake mnyamatayu akunena zoona, ndisamunamizire. Ilipo nthabwala yomwe imaonongadi nkhani, ija yoti wolemba waopa kuti owerenga atopa nde akungoponya joki pakamwa pa aliyense, munthu akufa wina nkumaseleula. Mafilimu a The Lord of the Rings a Peter Jackson a 2001 mpaka 2003 ndimawakonda, koma zomwe anamuchita Gimli zimandiwawa mpaka lero. M'buku Gimli ndi munthu waulemu wake, amalira pochoka ku Lórien, mphatso yomwe anapempha kwa Galadriel, mfumukazi ya kumeneko, ndi tsitsi lake limodzi lokha, ndipo akamafotokoza kukongola kwa mapanga a ku Helm's Deep amayankhula ngati mlakatuli mpaka mnzake Legolas kudabwa. Kuseketsa amaseketsa ndithu, mpikisano wake ndi Legolas wowerenga adani omwe apha uli m'buku momwe ndipo anapambana ndi 42 kwa 41, koma zimachokera mu khalidwe lake. Mufilimu anamusandutsa wogwa pahatchi, wogeya, woponyedwa m'mwamba kuti tiseke. Apa nde kusiyana kwake, m'buku timaseka naye limodzi, mufilimu timamuseka iyeyo, kuseka kwa ma orc kuja.

Nde ndinamubwezera masamba ake mnyamata uja ndi pempho limodzi, osati awonjezere majoki ayi, koma abwerere kwa asilikali ake awiri omwe akulondera usiku mu chaputala chachitatu, omwe adzafe mu chachisanu, awalole acheze ngati anthu omwe adziwana zaka zambiri. Ndinamuwerengeranso pomwe Sam akudzuka mphete itaonongedwa, akuona Gandalf, mtsogoleri wa ulendo wawo, yemwe Sam ankayesa kuti anafa, Gandalf nkuseka, Sam nkuzindikira kuti papita masiku osawerengeka asanamve kuseka kwachimwemwe, ndipo iyeyo choyamba akugwetsa misozi kenako nkusekanso. Mnyamata uja anati akalembanso chaputalacho, ndipo ndikuchidikira.

Kwa inu a Mkonzi, pempho langa ndi loti tsamba lanu la zolembalemba lizipatsako malo mabuku a mtundu umenewu, poti achinyamata omwe akuwawerenga ndi kuyesera kulemba awo ndi ambiri kuposa momwe tikuganizira.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda mabuku