Chilengezo: Phunziro la Loweruka Lino pa Thupi, Maganizo ndi Mzimu

Abale ndi alongo a m'gulu lathu lophunzira Baibulo, Loweruka likudzali tikumana m'holo ya tchalitchi nthawi ya 2 koloko masana. Chonde tisunge nthawi.

Tidzakambirana funso limene linatitsalira ulendo watha: kodi munthu ali ndi mbali zitatu kapena ziwiri? Werengeranitu 1 Atesalonika 5:23, pamene Paulo akutchula mzimu, moyo ndi thupi. M'Chigiriki mawuwa ndi pneuma, psyche ndi soma. Vuto lagona pa liwu lapakatilo, chifukwa ena amalimasulira kuti moyo, ena maganizo, ena mtima. Onaninso Genesis 2:7 ndi Ahebri 4:12. Pa Genesis pali dothi ndi mpweya basi, ndiye amene mumati mbali ndi zitatu mubwere mutakonzeka.

Nkhaniyi si yachilendo. Apollinaris, bishopu wa ku Laodicea, ankaphunzitsa kuti Yesu anali ndi thupi la munthu koma analibe maganizo aumunthu, ndipo msonkhano wa mabishopu wa ku Constantinople m'chaka cha 381 unakana chiphunzitsocho. Ine ndimaona kuti ife timafulumira kunena kuti "ndi zauzimu" munthu akasowa tulo kapena akakhala chete masiku ambiri, pamene mwina maganizo ake ndi amene akudwala. Tidzakhalitsa pamenepa.

Mlongo wathu amene ndi namwino adzayeza BP tisanayambe. Ofuna afike 1 koloko. Amayi ndi abambo achikulire, achinyamata adzakutengani mukadziwitsa mlembi pofika Lachinayi. Tengani Baibulo ndi cholembera.