Makhonsolo aleke kugawa mapuloti m'madambo

Akonzi,

Makhonsolo ndiwo ayenera kutsogolera poteteza chilengedwe ndi malo osunga mbiri, osadikira boma lalikulu. Mayiko amasaina mapangano, monga pangano la mu 1972 la UNESCO (bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe) loteteza malo otere, koma wovomereza mapulani a nyumba ndi khonsolo.

Ndinaona dambo likudulidwa mapuloti. Mvula itagwa, madzi anasowa kolowera, nadzaza m'nyumba mpaka mabuku a ana kuyandama. Mitengo ya pamanda akale nayonso inazulidwa, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Khonsolo iliyonse ilembe m'kaundula madambo, nkhalango ndi manda akale. Isanagawe malo, iyambe yamva maganizo a anthu okhala pafupi, ndipo wovomereza kumanga m'dambo adzayankhe pamsonkhano wa anthu onse.

Nzika yokhudzidwa