Alembi, musachonge M kapena F poona dzina lokha

A Mkonzi,

Ndilankhuleko ndi alembi amene amadzazira anthu mafomu m'masukulu, m'zipatala ndi m'mipingo kuno ku Mchinji. Ena akangoona dzina amachongeratu M (mwamuna) kapena F (mkazi) osadzutsa mutu, makamaka pokopera mndandanda mwini dzina palibe.

Mayina athu ambiri sasankha. Chikondi, Mphatso, Chisomo, Thokozani, Chimwemwe: aphunzitsi akaitana limodzi mwa amenewa, mnyamata ndi mtsikana amatha kuyankhira pamodzi. Dzina lachichewa limanena za nyengo imene mwana wabadwira kapena zimene zili mumtima mwa makolo, silinena za thupi lake. Ngakhale mawu akuti "iye" ndi a onse. Chimene chimaulula ndi mfunda: Nabanda, Naphiri ndi Nambewe ndi amayi, monganso Nyabanda kwa Atumbuka ndi Abiti kwa Ayao. Koma amenewa ndi oitanirana pamudzi, pa chitupa sapezekapo kawirikawiri.

Mayina akunja ndiye amapusitsa kwambiri. Pali amene amati dzina lothera ndi "a" ndi la mkazi, potengera Chipwitikizi cha anzathu a ku Mozambique, kumene Paulo ndi bambo, Paula ndi mayi. Nanga Luka, Yona, Eliya ndi Yesaya a m'Baibulo aja? Andrea ku Italy ndi mwamuna, ndi dzina lomwe lija la mtumwi Andreya, pomwe ku Germany ndi ku England ndi mkazi. Nikita ku Russia ndi mwamuna, ku India ndi mkazi. Jean ku France ndi Yohane, koma ku Scotland ndi mayi. Achipwitikizi omwewo ali ndi José Maria, bambo, ndi Maria José, mayi: loyambalo ndilo limalamula, ndiye mlembi akasinthanitsa mayinawo pa fomu wasinthanso munthu. Ku Iceland mtsikana wina wotchedwa Blær anachita kupita kukhoti, n'kupambana mu 2013, chifukwa boma linkati dzina lakelo ndi lachimuna.

Chilembo chimodzi cholakwika chimayenda ulendo wautali. Chikalowa m'kaundula wa sukulu chimakopedwa pa mndandanda wa mayeso, mwana akasankhidwa kusekondale yogonera konko amapezeka kuti malo ake ali ku hositelo ya anyamata iye ali mtsikana. Mapepala akayamba kutsutsana, kukonza kwake kumadya ndalama zoyendera ndi masiku.

Mlembi afunse mwini wake kapena kholo, ngakhale funsolo likuoneka lopusa. Ayerekeze ndi chikalata chobadwira kapena buku la kusikelo. Awerenge mokweza zonse zimene walemba munthuyo asanasaine kapena kudinda chala. Pokopera mndandanda m'kompyuta, danga limene pepala loyamba silinadzaze alisiye choncho, atumize uthenga kwa aphunzitsi a kalasiyo kapena kwa amfumu kuti anene.

Wowerenga wanu,
Mchinji