Nyimbo ndinapeka ndine koma dzina likutuluka la wina

Azakhali,

Pepani ngati kalatayi ikudumphadumpha, ndikulemba pa foni usiku ndipo tulo sitikubwera. Ndine mtsikana wa zaka 23, kwathu ndi ku Zomba koma ndimakhala ku Chilomoni kwa achemwali anga. Ndimayimba. Sindiyimba za eni ayi, ndimapeka ndekha, mawu ndi mayimbidwe omwe, pa gitala amene anandisiyira malemu amalume. Zambiri ndi zachikondi zoyenda pang'onopang'ono, zimene amati soul, zina n'zothamangirako kuti achinyamata avine. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa aliyense amene ndamuuza nkhaniyi amayamba wafunsa kuti, "Koma unapekadi ndiwe?"

Ndinakulira m'kwaya ya CCAP ndipo bambo anga ndi mkulu wa mpingo. MSCE ndinalemba ulendo uja mayeso a 2020 anaimitsidwa n'kulembedwanso mu Januwale 2021, ndipo ndinakhoza ndithu, si kuti ndinathawira ku nyimbo chifukwa cholephera sukulu monga ena akunenera. Makolo akudziwa kuti ndimagulitsa m'shopu ku Limbe. Ntchitoyo ndinasiya kalekale. Achemwali ndi amene akundibisira, ndipo nawonso atopa nane, ndimawaona m'maso akamagawa ndiwo.

Munthu amene ndikudandaula nayeyu ali ndi situdiyo. Anandimva ndikuyimba pa ukwati wina, n'kundiuza kuti mawu ngati anga sanawamvepo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yojambulira nyimbo inakwera moti kwa ine kunali kulota chabe. Iye anati ndisalipire kalikonse, tidzawerengerana nyimbo zikayamba kubweretsa ndalama. Anandipatsa pepala lachingerezi kuti ndisayine, titaima panja pa galimoto yake, akuti akuthamangira kwina. Langa sanandipatse. Azakhali, ndani akanakana? Anzanga onse amene akundiseka lero akanasayina, ena mwina osawerenga ndi mzere woyamba womwe.

Tinajambula nyimbo zingapo. Imodzi inagwira. Inayamba kuyenda pa WhatsApp, kenako pa TikTok atsikana akuvinira, kenako ndinaimva mu minibasi ya ku Ndirande, kondakitala akuyimba nawo molakwitsa mawu. Anyamata oika nyimbo m'mamemori kumsika ali nayo. Pa YouTube ndi pa Spotify ilipo, koma pa akaunti ya situdiyo yake, ndipo pamalo a wopeka pali dzina lake. Langa lili kumapeto, ngati mlendo woitanidwa kudzathandizira. Nyimbo imeneyo ndinaipeka pa khonde kwathu ku Zomba, agogo anga atangomwalira. Anthu amaganiza kuti ikunena za mwamuna, pamene ikunena za agogo. Iyeyo agogo angawo sanawaonepo.

Nditamufunsa anati iye ndi amene anaika ng'oma, besi ndi kiyibodi, ndipo popanda iye nyimboyo ikanathera pa khondepo. Sindikana kuti anaikongoletsa, dzanja lake ndi labwino, ndipo pena ndimadzida kuti mpaka pano ndikamva mmene anailukira ndimasangalala. Koma kodi woika ng'oma amasanduka wopeka? Ndalima ine, nkhokwe n'kukhala ya wina.

Ndiye pali za mashoo. Anatitengera ku Mangochi kumalo ena ogona alendo. Pa positala dzina langa analilemba molakwika, chilembo chimodzi chinasowa, komanso laling'ono kuposa la DJ. Ndinamuuza positala isanasindikizidwe, ndili ndi uthenga wake pa foni woyankha kuti akonza. Sanakonze. Ndinayimba koyambirira anthu asanadzaze, ena akukokabe mipando. Diresi ndinachita kubwereka, nsapato ndinagula ndekha pa kaunjika. Pobwerera anandipatsa ya thiransipoti yokha ndi tchipisi chozizira, akuti ndalama zalowa ku jenereta ndi zokuzira mawu. Koma mtsikana wina amene wangoyamba kumene kubwera ku situdiyoko, amene sadziwa n'komwe kugwira gitala, anakhala kutsogolo m'galimoto ine ndili kumbuyo ndi masipika. Mwina muona ngati n'zazing'ono. Kwa ine si zazing'ono, chifukwa mpando umenewo ndinkakhalapo ndine.

Pali zina zimene zinachitika pakati pa ine ndi iye zimene sindilemba pano. Ingodziwani kuti ndi wapabanja, ndipo poyamba sanandiuze. Mkazi wake anandiimbirapo foni, mawu amene ananena sindingawabwereze. Ndiye ndikati ndiyambe kulimbana naye za nyimboyi, ndikudziwa chimene anthu adzanene: anamukana, n'chifukwa chake akulalata. Mu zoyimbayimba muno mtsikana akangotuluka, funso loyamba limakhala lakuti wayenda ndi ndani. Ndipo nkhani ikafika ku Zomba, bambo adzaima bwanji kutsogolo kwa mpingo? Mayi akudwala BP.

Mnzanga wina amene anaphunzira zamalamulo ku Chanco anandiuza kuti lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza amene wapeka, ndipo umwini umayamba pomwe wapekapo, osati pomwe wajambulitsa. Akuti ndipite ku COSOMA ndikalembetse nyimbo zanga, chifukwa ndi bungwe limene limatolera ndalama ku mawayilesi ndi malo achisangalalo n'kugawira eni nyimbo. Anatchulanso za bungwe la oyimba la MUM. Umboni ndili nawo: kope limene ndimalembamo mawu, ndi mavoisi noti amene ndinatumizira achemwali ndikuyimba ndi gitala yekha, tsiku lake likuoneka, ndisanakumane n'komwe ndi munthuyu. Koma mnzangayo anawonjezera kuti zonse zitengera zimene zili pa pepala lija. Pepala limene ndilibe. Ndikalipempha kwa mwini situdiyo uja amati lili kwa loya wake, tsiku lina amati linasowa posamuka. Iye akuti nyimboyo analembetsa kale m'dzina lake. Kukafunsa ndikuopa, chifukwa akangomva kuti ndapita, nyimbo zina zonse zimene zili m'kompyuta mwake sindidzazionanso. Muli ina imene ndikudziwa kuti ndi yoposa yoyambayo.

Chandilembetsa usiku uno n'chakuti wandiimbira foni madzulo ano, patapita nthawi osandiyankha. Mawu okoma ngati kale. Akuti atha kundipezera malo pa chikondwerero china chachikulu chakunyanja, akuti titulutse chimbale chonse, bola ndisiye phokoso ndi kusayina pepala lina. Azakhali, ine kuyambira ndili mwana ndimamva za Lake of Stars ndi Sand Music Festival, ndimaonera pa foni oyimba ali pa nsanja ya Tumaini ku Dzaleka, mtima n'kumawawa kuti tsiku lina ndidzaime pamalo otero. Iye akudziwa zimenezi chifukwa ndinamuuza ndekha. Ndipo sindinamukanire. Ndangoti ndiganize kaye.

Tsiku lomweli mayi anditumizira uthenga kuti ndiyese kufunsira malo ku TTC, uphunzitsi ndi ntchito yodalirika. Achemwali akuti ndikapanda kuwauza makolo zoona mwezi uno, awauza okha. Si kuti ndine waulesi. Ndimadzuka m'mawa kuchapa, kuphikira ana awo, kuwaperekeza kusukulu, koma zonsezo saziwerengera, amangoona gitala.

Ndiye ndithandizeni. Ndisayine pepala lachiwirili kuti dzina langa limveke kaye, za umwini ndidzazione pambuyo? Kapena ndipite ku COSOMA ngakhale zitanthauze kuti nyimbo zinazo zapita ndipo mbiri yanga aiwononga? Kodi pepala limene munthu sanapatsidwe lake limagwira ntchito? Makolo ndiwauze zonse, kapena za ntchito zokha? Ndipo chimene chikundipweteka kwambiri, chimene sindingafunse achemwali: kodi pamene ankati mawu ngati anga sanawamvepo, ankanena zoona, kapena amauza aliyense? Chifukwa mtsikana watsopano uja ndinamumva akuuza mnzake mawu omwewo.

Chonde musatulutse dzina langa. Akufuna yankho Lachisanu.

Ine mwana wanu,
Woyimba wa ku Chilomoni